Mlandu wa Zigoli Zinai

(Wolemba mnyamata wa mu Fomu 4)

Akonzi a magazini ino anandipempha kuti ndilembe za masewera a chaka chatha, pakuti ine ndinali kaputeni wa timu ya mpira wa miyendo. Ndikhulupirira kuti iwo anali kuyembekeza mndandanda wa masewera amene tinapambana ndi amene tinagonja, pamodzi ndi maina a ogoletsa. Andikhululukire. Mndandandawo ndi waufupi, ndiponso nonse muudziwa kale. Ine ndifuna kulemba za kalata ija imene tinapereka kwa Mphunzitsi Wamkulu, imene dzina langa linali loyamba pansi pache. Akulu amati mlandu suola, ndipo wanga uwu ndagona nawo miyezi yambiri.

Kwa inu a Fomu 1 amene munali musanafike, ndiyambe ndi kufotokoza. Lachitatu pa 7 May 2025 tinakwera lole kupita ku sukulu ina ya m'dera lathu lino kukasewera mpira umene wopambana anayenera kupitirira ku mpikisano wa boma lonse. Tinanyamuka ndi ng'oma ndi nyimbo, ndipo atsikana a mpira wa manja anali nafe m'lole momwemo. Atsikanawo anapambana bwino lomwe, ndipo ndipepese kuti chipambano chao sichinakondwereredwe monga chinayenera, chifukwa ife anyamata tinachiphimba ndi maliro athu. Tinagonja ndi zigoli 4 kwa 0.

Chigawo choyamba sichinali choipa kweni-kweni. Anatigoletsa chimodzi chokha, ndipo ife tinaomba mtengo wa golo kamodzi. Koma titabwerera m'bwalo, patapita mphindi ngati 20, miyendo inayamba kukana. Ine ndimasewera kumbuyo pakati, ndipo ndikumbukira mnyamata wao wobvala nambala 9, wamfupi, wa nsapato zomukulira, akundidutsa ngati ine ndine chitsa cha m'munda. Mutu unali kudziwa bwino kumene mpira ukupita, koma thupi linali ngati ndasenza thumba la chimanga. Zigoli zitatu zinalowa motsatana mpira uli pafupi kutha. Aphunzitsi athu a masewera anaimirira m'mbali mwa bwalo, manja ali m'matumba, osanena kanthu.

Pobwerera m'lole munali zii. Tsono wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Aphunzitsi aja mpira saudziwa." Mau amenewo anali ngati moto wa m'tchire mu October. Pamene tinafika pa chipata cha sukulu mlandu unali utazengedwa kale, mboni zitalankhula, woweruza atagamula. Wozengedwa yekhayo ndiye sanamve kanthu, pakuti anakhala kutsogolo ndi dalaivala.

Mawa lache pa nthawi ya pulepu tinalemba kalata. Anasankha ine kugwira cholembera chifukwa ndinali kaputeni, ndiponso chifukwa Chingerezi changa ndi chabwinoko. Tinalemba milandu itatu. Woyamba, kuti Aphunzitsi amangotithamangitsa m'mawa ngati akavalo m'malo motiphunzitsa nzeru za mpira wa makono. Wachiwiri, kuti anatulutsa wogoletsa wathu pa nthawi yopumula. Wachitatu, kuti pamene tinali kumira iwo anangoima chete, osafuula ngakhale kamodzi, pamene mphunzitsi wa anzathu aja anali kulumpha-lumpha mpaka mau kusasa. Anyamata 14 tinasaina. Mmodzi yekha anakana, kamnyamata ka Fomu 2 kamene tinkakatcha Kalulu chifukwa cha liwiro lache. Iye sanasewereko tsiku lija; anakhala pa benchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga masiku onse. Tinamufunsa chifukwa chokanira, ndipo anangoti dzanja likumupweteka. Tinamuseka, ndi kumusiya.

Tsopano ndinene chimene kalata ija sinanene.

Usiku wa Lachiwiri pa 6 May, anyamata 7 mwa 11 amene tinayamba mpira uja tinalumpha mpanda kupita ku msika kukaonera kanema. Usiku umenewo Inter Milan inali kusewera ndi Barcelona ku Italy, kulimbirana malo a mu fainolo ya Champions League. Tinapangana kuti tikaonera chigawo choyamba chokha ndi kubwerera. Koma amene anaonera mpira umenewo adziwa kuti sunali mpira wochokapo munthu. Inter inatsogola ndi zigoli ziwiri, Barcelona inabweza zonse ndi kuonjezera chachitatu, ndipo pamene tinati zatha, Acerbi anagoletsa m'mphindi zomaliza. Anaonjezera mphindi 30, ndipo Inter inapambana 4 kwa 3. Mpira unayamba 9 koloko, unatha pafupi ndi pakati pa usiku, ndipo ife tinayenda mtunda wonse uja m'chisanu cha May, tikukangana za Lamine Yamal, mimba zili ndi tchipisi cha pa chiwaya chokha. Ine ndinagona tambala woyamba ali pafupi kulira. Sinditchula maina a anzanga asanu ndi mmodzi aja, adzidziwa okha.

Ndiponso kuthamanga kwa m'mawa kumene tinadandaula nako m'kalata, ambiri a ife sitinali kupitako. Aphunzitsi anakhazikitsa lamulo mu February kuti Lachiwiri, Lachinai ndi Loweruka tizikumana pa bwalo 5 koloko m'mawa. Sabata yoyamba tinapita tonse. Sabata yachitatu tinatsala theka. Pofika mu March ine ndinali kupita kamodzi pa sabata, ndipo tsiku limene ndinapita ndinali kupeza Aphunzitsi ali ndi anyamata anai kapena asanu a pa benchi, Kalulu ali patsogolo. Tinali kunena kuti ife aluso sitifunika kuthamanga. Athamange amene mpira uwabvuta. Chotero tinadandaula kwa Mphunzitsi Wamkulu za mankhwala amene sitinamwe.

Mphunzitsi Wamkulu anaitana Aphunzitsi athu ku ofesi. Tinamva kuti anawerenga kalata yonse pang'ono-pang'ono, naibweza, nanena kuti ngati anyamata safuna, iwo atula pansi udindo. Sanadziteteze ndi liu limodzi. Ife tinayesa kuti kukhala chete kwaoko ndi kubvomera. Wezulo anapatsidwa kwa mphunzitsi wina wachinyamata, wodziwa kujambula 4-3-3 pa bolodi, wokhala ndi mafilimu a mpira m'foni mwache. Tinakondwa kwambiri. Tinasewera masewera atatu a chibale chaka chisanathe. Tinagonja awiri, ndipo amodzi tinafanana mphamvu.

Pa tchuthi chachikulu ndinapita kwathu ku Dowa, ndipo tsiku lina tikukonola chimanga ndinasimbira amalume nkhani yonse, kupatula ya mpanda ija. Amalume ndi munthu wokonda mpira wa pa wailesi kuyambira ubwana wao. Anamvetsera osadula mau, ndipo nditatha anandifunsa kuti, "Mphwanga, Kinnah Phiri umamudziwa?" Ndinati dzina ndimalimva. Tsono anayamba kundiwerengera. Kinnah anali wogoletsa wa timu ya dziko lino pamene inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi mu 1979, mphunzitsi ali Mngerezi wochedwa Ted Powell. Patapita zaka 30 Kinnah yemweyo anakhala mphunzitsi, natengera Flames ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Angola mu 2010, kumene tinali tisanapiteko chiyambire 1984. Ku Luanda anagonjetsa Algeria 3 kwa 0, Algeria imene chaka chomwecho inali kupita ku World Cup. Amalume anati usiku umenewo anthu anabvina m'misewu, ndipo panalibe munthu wanzeru m'Malawi woposa Kinnah. Masiku owerengeka pambuyo pache tinagonja kwa Angola 2 kwa 0 ndi kwa Mali 3 kwa 1, ndipo mu 2013 anamuchotsa nchito. "Kodi mutu wache unasintha?" anatero amalume. "Kapena nzeru zija anaziiwala m'ndege pobwerera?"

Anapitiriza ndi nkhani ina imene ine ndinaiona ndi maso ndili ku pulaimale, koma sindinaiganizirepo. Mu January 2022, ku Cameroon, Flames inadutsa gawo la magulu kwa nthawi yoyamba. Mpikisano usanayambe, utsogoleri wa timu unaperekedwa kwa Mario Marinica wa ku Romania, ndipo Meke Mwase amene anaipititsa timuyo kumeneko anatsitsidwa kukhala wothandiza. Koma Marinica anagwidwa ndi matenda a Covid, ndipo masewera awiri oyamba anawatsogolera ndi Mwase: tinagonja kwa Guinea 1 kwa 0, tinagonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1. Marinica atachira tinafanana mphamvu ndi Senegal, imene inadzatenga chikhocho, ndipo pomaliza Morocco inatitulutsa 2 kwa 1. "Tsono tandiuza," anatero amalume, "chipambano cha pa Zimbabwe chinali cha yani? Cha amene anali pa benchi, kapena cha amene anali pa bedi? Kapena cha Gabadinho Mhango amene anagoletsa zigoli zonse ziwiri?" Ndinalibe yankho. Pofika mu 2023 aphunzitsi onse awiriwo anali atachoka pa timuyo.

Ine ndinafuna kuonetsa kuti nanenso ndimadziwa mpira, ndipo ndinatchula Leicester City. Claudio Ranieri anaipatsa ukatswiri wa ku England mu 2016, chinthu chimene palibe anachilota, ndipo mu February 2017 anamuchotsa chifukwa timu inali pafupi kutsika. Atangochoka, anyamata omwewo anagonjetsa Liverpool 3 kwa 1, napambana masewera asanu a ligi motsatana. Ndinati, "Mwaona amalume, kusintha mphunzitsi kumathandiza." Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Miyendo imene inathamanga Lolemba ndi yomweyo imene inakana kuthamanga sabata yapitayo. Funsa miyendoyo." Pamenepo ndinaweramitsa mutu m'dengu la chimanga, pakuti mau amenewo anandilasa pamalo pamene iwo sanadziwe.

Ndaganiza kwambiri chifukwa chache anthu amathamangira kwa mphunzitsi zinthu zikaipa, ndipo ndiona kuti chifukwa chachikulu ndi masamu chabe: munthu mmodzi achotseka msanga kuposa anthu 11, ndipo koposa kalasi yathunthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Zimenezo ndi zoona, ndipo munthu amene alandira wezulo kapena choko adziwa kuti nkhonya zidzabwera. Koma kugwa kwa nkhonya pa mutu sikutsimikiza kuti mutuwo ndiwo unalakwa. Kungoonetsa kuti ndiwo unali pamwamba.

M'chinenero chathu liu ndi limodzi, mphunzitsi, kaya wa pa bwalo kaya wa m'kalasi, ndipo chiweruzo chimene timawapatsa ndi chimodzinso. Zotsatira za MANEB zikatuluka, za JCE kapena za MSCE, makolo amafunsa kuti, "Kodi pa sukulu paja aphunzitsi amatani?" Ndi ochepa amene amafunsa kuti, "Kodi mwana wanga amatani?" Tiyeni tiwerenge pang'ono, popeza Aphunzitsi amene ndikunenawa ndi a masamu. M'kalasi mwathu tilimo 60, ndipo phunziro limodzi ndi la mphindi 40. Mphunzitsi akafuna kugawa nthawi yache mofanana, yense wa ife alandira masekondi 40, osakwana ngakhale kusongola pensulo. Pa bwalo, masewera okonzekera a madzulo anali masiku atatu pa sabata, ola limodzi ndi theka tsiku lililonse. Ndiwo maola anai ndi theka mwa maola 168 a pa sabata. Maola ena onsewo anali m'manja mwa ophika, a oyang'anira zogona, a chimfine ndi malungo, ndipo koposa onse, m'manja mwathu. Mphunzitsi sagona m'malo mwa wosewera, ndiponso sawerenga buku m'malo mwa wophunzira.

Palinso zina zimene sizili m'manja mwa mphunzitsi kapena mwa wophunzira. Amai anga anayamba sukulu mu 1994, chaka chimene Boma linachotsa fizi ku pulaimale, pamene ana a sukulu anachuluka mwadzidzidzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni. Iwo amasimba kuti anaphunzira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mvula ikagwa sukulu inali kuweruka. Amai sanafike Sitandade 8. Kodi mlandu umenewo tiupereke kwa mtsikana amene anaimirira patsogolo pao ndi choko, ataphunzitsidwa nchitoyo masabata owerengeka okha? Ife lomwe pano buku limodzi la masamu timagawana anthu asanu, ndipo timu yonse inali ndi mipira iwiri, umodzi wosokedwa ndi ulusi wa nsapato.

Koma musandimve molakwa, anzanga, ngati kuti ndikuti mphunzitsi alibe mlandu nthawi zonse. Iai ndithu. Ndili mu Sitandade 6 tinali ndi mphunzitsi wina amene anali kufika 9 koloko maso ali psuu, kupatsa mtsogoleri wa kalasi buku kuti akopere pa bolodi, iye ndi kukakhala pa mthunzi. Lachisanu anali kutituma kukapalira m'munda mwache. Chaka chonse sanachonge kope langa ngakhale kamodzi. Mafulakishoni amene anayenera kundiphunzitsa chaka chimenecho ndinadzawamvetsa ndili mu Fomu 2, ndipo dzenje limene iye anakumba ndikugweramo mpaka lero, pakuti masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere wapansi ukapotoka, yonse yapamwamba ipotoka. Anzanga ena a m'kalasi imeneyo anatopa nasiya sukulu, ndipo mmodzi, amene anali wanzeru kundiposa, tsopano amagulitsa makala. Munthu ameneyo ali ndi mlandu, ndipo palibe kuchuluka kwa ana kapena kuchepa kwa mabuku kumene kungamuchotsere. Chimene ndinalakwa ine ndi kutenga mkwiyo woyenera munthu wotere ndi kuuthira pa munthu amene anali kudzuka 5 koloko m'mawa kudikira anyamata amene sanabwere.

Sukulu itatsegulidwa mu September ndinapeza kuti masamu a Fomu 4 adzatiphunzitsa ndi iwo omwewo. Mtima unagunda. Ndinakhala kumbuyo kweni-kweni, ndikuyembekeza kubwezera. Mayeso oyamba ndinapeza 31 pa 100. Pepala litabwera ndinaona kuti lafiira lonse, koma sikunali kufiira kwa mkwiyo, pa funso lililonse anandilembera pamene ndinasokera ndi njira yobwererera, ndipo pansi analemba kuti, "Bvuto lako ndi mafulakishoni, si alijebura. Bwera Lachinai 4 koloko." Ndinawerengera m'mutu kuti ngati anachita chomwecho pa mapepala 60, anagona nthawi yanji? Kubwezera ndikanakupirira. Ichi ndicho chinandilemera.

Lachinai ndinapita. Tinachita masamu theka la ola, ndipo pamene anali kutseka buku ndinati, "Aphunzitsi, ndili ndi mau."

"Lankhula, Kaputeni." Anali kunditchabe chomwecho.

Ndinawauza zonse: za mpanda, za kanema, za tchipisi, za tambala. Ndinalankhula maso ali pansi. Nditatha anakhala chete kanthawi, ndipo anatsegula kabati natulutsa kapepala kopindidwa kanai, nakaika patsogolo panga. Panali maina 7 olembedwa ndi pensulo, m'zilembo za munthu wosazolowera kulemba. Langa linali lachitatu.

"Alonda anandipatsa kameneka m'mawa wa Lachitatu lija, tisanakwere lole," anatero. "Kanali m'thumba mwanga mpira wonse. Munalemba kuti manja anga anali m'matumba. Ndi zoona. Ndinali nditagwira kameneka."

Ndinasowa chonena. Ndinafunsa chifukwa chache sanakaonetse kwa Mphunzitsi Wamkulu tsiku la kalata lija, pakuti kakanawapulumutsa pomwepo.

"Kakanandipulumutsa kwa inu," anatero, "koma kakanandimanga pa mlandu weni-weni. Tamvera, mnyamata iwe. M'mawa uja ndinayenera kuchita chinthu chimodzi: kukusiyani nonse 7 pa sukulu pano, kupereka maina anu ku ofesi, ndi kutenga ana aja amene anathamanga nane miyezi itatu. Mwina tikanagonja 8 kwa 0. Koma ndinaopa. Ndinaopa manyazi pamaso pa aphunzitsi anzanga, ndinaopa kuti awiri a inu a Fomu 4 achotsedwa sukulu mayeso ali pafupi, ndipo, ndisakubisire, nanenso chikho ndinali kuchifuna. Ndinadziuza kuti luso lanu likwanira mphindi 90. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo inu munali pa mkhate wanga. Ndiponso sizinayambe tsiku limenelo. Kuyambira mu March ndinali kuona kuti simubwera m'mawa, koma Loweruka lililonse ndinali kukupatsani jezi. Ndinakuphunzitsani ndi manja anga kuti lamulo ndi la ofooka okha. Kalata yanu inanena zoona kuti ndinalephera. Zifukwa zokha ndizo munalemba zolakwika."

Anandiuzanso kuti wogoletsa wathu anamutulutsa pa nthawi yopumula chifukwa anamuona akusanza kuseri kwa chimbudzi, ndipo mnyamatayo anawapempha kuti asauze munthu. Iyenso anasaina kalata ija.

"Koma amene ndinamulakwira koposa si iwe," anatero potsiriza. "Ndi kamwana kaja ka pa benchi. Sikanajombe ngakhale tsiku limodzi. Pamene miyendo yako inafa, ndinakayang'ana, nakonso kanandiyang'ana, ndipo ndinatembenuka."

Ndinatuluka m'chipinda muja mutu uli wolemera kuposa polowa. Ndinapita kukatula katundu wanga, ndipo ndinapeza kuti mwini wache wa nyumba ali ndi wache, wosiyana ndi wanga, umene ine sindingamusenzere. Anzanga ena ndikawasimbira amafuna kuti ndiwauze kuti mlandu unali theka kwa theka, kapena magawo atatu kwa ife ndi limodzi kwa iwo, ngati tikugawana nsima. Ine sindiona kuti ugawika chomwecho. Zigoli zinai zija ndi zathu. Tinazigula ndi K500 pa khomo la kanema, ndipo palibe mphunzitsi pa dziko lapansi, ngakhale Alex Ferguson amene anakhala zaka 26 ku Manchester United, akanatha kuika tulo m'miyendo yathu 3 koloko masana. Koma benchi lija ndi lao. Kuona ndi kukhala chete, kusankha wobvala jezi, kusunga lamulo kwa wamng'ono ndi kulimasula kwa wamkulu, zimenezo zinali m'manja mwao mokha, ndipo ife sitikanatha kuwachitira. Chodabwitsa ndi chakuti ife ophunzira sitidandaula konse za kulakwa kwa mtundu umenewu, chifukwa kumatikomera. Mphunzitsi amene atilekerera timamutcha wabwino. Wakutsina khutu ndiye mnansi, koma ndani wa ife analembapo kalata yopempha kutsinidwa?

Ndaonanso kuti m'kalasi zimachitika chimodzi-modzi, kungoti mobisika. Alipo aphunzitsi, ndipo ndinena mwaulemu pakuti magazini ino aiwerenga, amene amaphunzitsa mizere iwiri yakutsogolo yokha. Akafunsa kuti, "Tamvana?" ana asanu anzeru ayankha kuti inde, ndipo phunziro lipitirira, ife akumbuyo tili m'tchire. Ife sitikweza dzanja chifukwa cha manyazi, ndipo limenelo ndi tchimo lathu. Koma iwo amaona nkhope zathu, ndipo adziwa. Tsiku la zotsatira onse adzati mwana uja anali waulesi, kapena adzati mphunzitsi uja sadziwa kuphunzitsa, ndipo mau onse awiri adzaphonya pamene panagona nkhani.

Sabata yotsatira ndinapita kwa Mphunzitsi Wamkulu kukapempha kuti andibwezere kalata ija. Anaitulutsa m'faelo, naiyang'ana, nati chimene chalowa m'faelo sichituluka, koma ndikhoza kulemba ina yoti ikhale pamwamba pache. Ndinalemba, ndipo ndinatchula dzina langa lokha. Chilango changa chinali kutchetcha bwalo la mpira kuyambira pa golo mpaka pakati, ndi kutula ukaputeni. Ena mwa inu munandiona ndi chikwakwa masiku anai aja ndipo munayesa kuti ndinagwidwa ndi foni. Mwa anzanga aja a usiku wa Lachiwiri, awiri anatsiriza sukulu, mmodzi anabwera kudzandithandiza kutchetcha osanena kanthu, ndipo ena salankhula nane mpaka lero, poopa kuti ndinawatchula.

Tinapita anthu atatu kukapempha Aphunzitsi kuti abwerere ku timu. Anakana. Anati wezulo ali ndi mwini wache tsopano, ndipo sikungakhale bwino kuti mphunzitsi wachiwiri achotsedwenso ndi anyamata omwewo. Anatilangiza kuti timuuze mphunzitsi watsopanoyo zoona zonse, kuti adziwe anthu amene akuwaphunzitsa. Tinatero, ndipo kuthamanga kwa m'mawa kunabwerera, pamodzi ndi kope la maina: wojomba kawiri sabvala jezi, ngakhale atakhala ndani. Pa mayeso a masamu apitawa ndinapeza 48.

Kalulu sanabwerere ku mpira chiyambire tsiku lija. Tsopano ali mu Fomu 3, ndipo madzulo amapita ku kwaya. Ndinamupeza pa mpope Lamulungu lapitali akuchapa malaya, ndipo ndinamufunsa ngati dzanja lija linapola. Anandiyang'ana nthawi yaitali, naseka pang'ono, nati, "Ndinakuonani mukulumpha, achimwene. Bedi langa lili pa windo." Ndinamupempha kuti abwere Lachiwiri m'mawa, ndi kumuuza za kope la maina. Anafinya malaya ache, nawayanika pa udzu, nati aona.

Lachiwiri ndinafika pa bwalo mdima usanathe. Tinalipo 16, ndipo mphunzitsi anaitana maina ndi tochi ya foni. Titazungulira bwalo kawiri ndinaona munthu ataima pafupi ndi mtengo wa bulugamu, atabvala juzi, manja ali m'khwapa chifukwa cha mphepo. Sanalowe m'mzere, ndipo sanachoke. Belu la phala litalira anatembenuka napita ku nyumba yodyera patsogolo pathu.